Kwota, chuku ndi kokayenda: za mabanja a asilikali kuno ku Catterick

Moni nonse, kaya muli ku Tidworth, ku Aldershot, ku Colchester, kaya mukadali kumudzi kudikira viza. Lero mundipirire, mtima wanga sunakhale pansi.

Lachisanu lapitali banja lina la kwathu linali ndi march out, kuyendera nyumba ya asilikali musanaibweze posamuka, kuno ku kampu ya Catterick ku England. Positi yatuluka, ndiye kuti awasamutsira ku kampu ina, akulowera kumwera. Woyendera nyumba anafika pa nthawi yake, analowa kukhitchini, kutsegula uvuni, kusolola mashelefu, kupisa chala m'makona. Anakwera m'mwamba, nakoka wadiropu ya m'chipinda cha ana. Kuseri kwake khoma lonse lili bii ndi chuku, kuyambira pansi mpaka m'chiuno. Mayi misozi mbwembwembwe, bambo angoima chilili. Bilu ikubwera, ndipo mukudziwa kuti ya kwota, nyumba imene amapatsa banja la msilikali, sachita kukupempha, amangodula kumalipiro.

Ndiye tikambe za chuku, chifukwa vutoli ndi la tonse. Chuku sichibwera chifukwa cha uve ayi, chimabwera ndi nthunzi. Nyumba za kuno ndi zotsekeka. Inu mwatereka nyemba maola atatu osavundikira, nsima ikubwadamuka, zovala zayanikidwa pa radiator (chitsulo chotenthetsa m'chipinda) iliyonse, anthu asanu akupuma usiku wonse, mawindo ali tseke poopa chisanu. Nthunzi yonseyo ipite kuti? Imakatera pa khoma lozizira, makamaka loyang'ana kunja, ndi kuseri kwa katundu komwe mpweya sudutsa. M'mawa mukaona madzi akuyenderera pagalasi la windo, dziwani kuti nkhondo yayamba.

Pamwamba pa mawindo ambiri pali timipata totsegula ndi chala, tisiyeni totsegula chaka chonse. M'mawa uliwonse tsegulani windo la kuchipinda mphindi 10 kapena 15, ngakhale kunja kuli chipale. Pukutani magalasi. Pophika tsekani chitseko cha kukhitchini, vundikirani mapoto, yatsani fani. Ya kubafa isazime mukangotuluka, ipitirire kanthawi. Bedi ndi wadiropu zisagunde khoma, pakhale mpata wolowa dzanja. Kutentha kwa m'nyumba kukhale pakati pa 18 ndi 21 mosadukiza, osati kuzimitsa tsiku lonse kenako madzulo n'kukweza mpaka 28 ngati tili ku Nsanje mu Okutobala. Zovala yanikani m'chipinda chimodzi, chitseko chotseka, windo lotsegula pang'ono, ndipo ngati thumba likulola gulani dehumidifier, makina oyamwa chinyezi. Madzi amene imatulutsa pa tsiku limodzi mudzagwira pakamwa.

Koma chachikulu ndi ichi: kadontho kakuda kakangooneka, jambulani, imbani foni yonena zowonongeka, lembani nambala imene akupatsani. Nthawi zina vuto ndi la nyumbayo, denga likudontha kapena khoma likuyamwa madzi. Ukanena, zalembedwa. Ukangopukuta ndi bulichi mwakachetechete zaka ziwiri, pa march out chuku chonsecho ndi chako. Ifetu tinaleredwa kuti mlendo sadandaula, koma kuno osadandaula ndiye wolipira. Chimodzimodzi polowa. Amakupatsani masiku 14 oti mulembe zonse zomwe mwazipeza zolakwika. Banga la pa kapeti, chitseko cha kabati cholendewera, galasi long'aluka, jambulani zonse, pamodzi ndi manambala a mita ya magetsi ndi gasi, ndipo werengani makiyi.

Boila nayo, makina otenthetsa madzi ndi nyumba. Kutsogolo kwake kuli kawotchi kosonyeza mphamvu ya madzi. Ikazizira, muvi uzikhala pakati pa 1 ndi 1.5. Ukatsika kwambiri boila imakana kuyaka, ndipo izi zimakonda kuchitika usiku bambo ali kutali. Radiator ikatentha pansi koma pamwamba pali zii, muli mpweya. Zimitsani hita, tengani kakiyi kake ndi kansanza, potokolani pang'ono pakona ya pamwamba, imveka kuti fyuu, madzi akangoyamba kutuluka tsekani. Radiator ikazizira pansi, amenewo ndi matope a m'mapaipi, si ntchito yanu, itanani eni ake.

Ndanena za bambo kukhala kutali, ndiye abambo, khalani pansi, ndili nanu mawu. Inu gulu lankhondo linakulandirani bwino. Linakuvekani, kukudyetsani, kukuuzani nthawi yogona ndi yodzuka. Mwavutika ndi zikalata, malipiro a pa chaka afika pa £23,496 imene amafuna kuti banja lipatsidwe viza, madamu ayezetsa TB, alemba mayeso a Chingerezi, zimenezo sindibwereza, tonse tinadutsamo. Afika mu Novembala kuchokera ku Area 25, dzuwa likulowa 4 koloko isanakwane. Sabata ziwiri, inu mwanyamula chikwama, ulendo wa ku Estonia kapena ku Nanyuki ku Kenya. Mwawasiya opanda khadi la kubanki, osadziwa tsiku lotulutsa bini, opanda nambala ya welfare. Kenako mukuimba foni n'kumati bwanji mukungolira, si munkafuna ku UK? Achimwene, zimenezo si zaumuna.

Musananyamuke, lowani nawo mu ofesi ya Unit Welfare Officer, woona za umoyo wa mabanja a asilikali, awaone nkhope. Apiteni nawo ku HIVE, ofesi yodziwitsa mabanja a asilikali, kumene kuli zonse za dera lino. Asunge nambala ya Army Families Federation, kuli anthu oona nkhani za mabanja ochokera m'maiko a Commonwealth, za viza amazidziwa kuposa mnzanu wa pa WhatsApp. Ena mumati kupita ku welfare kuwononga mwayi wokwezedwa. Chimene chimawononga ndi kukuitanitsani pakati pa exercise, maphunziro a nkhondo, chifukwa kunyumba zinthu zafika poipa. Akauntinso akhale nayo yawo. Ndipo kumbukirani kuti dokotala wa pa kampu ndi wanu, mayi ndi ana nthawi zambiri amalembetsa kwa GP, dokotala wa anthu wamba, ndiye alembetse asanadwale. Zadzidzidzi 999, zongofuna malangizo 111. Vitamin D, mamaikirogalamu 10 pa tsiku. A NHS, a zaumoyo kuno, amalangiza kuti ife akhungu lakuda tiganizire zomwa chaka chonse, dzuwa la kuno silikwanira.

Amayi anzanga, nanunso. Bambo akanyamuka, musalembe pa Facebook kuti apita kwakuti, abwera pa deti yakuti, tiwapempherere. Pempherani, koma madeti ndi malo zisiyeni. Ngakhale apongozi auzeni kuti ali kuntchito, basi.

Za galimoto. Laisensi ya kwathu imagwira miyezi 12 yokha chifikireni. Anzathu a ku Zimbabwe ndi South Africa amangosinthitsa yawo, ife ayi, tiyambirenso ngati sitinagwirepo chiwongolero, chonsecho munthu unkadutsa pa Chichiri roundabout 5 koloko osagunda aliyense. Musadikire mwezi wa 11. Tengani provisional, laisensi yophunzirira, msanga, theory ndi £23, mayeso a pamsewu £62 pakati pa sabata, ndipo malo ake amadikiritsa miyezi. Mwayi wake amayenda kumanzere ngati kwathu. Mwana akhale pa mpando wake wapadera mpaka zaka 12 kapena msinkhu wa masentimita 135, za kufukata pamiyendo ziiwaleni.

Tsopano chimene chinandiwawa kuposa bilu ija. Pofunsa mayi a march out aja kuti zaka ziwirizi mwaonako kuti, akuti Tesco ndi kutchalitchi. Zaka ziwiri! Positi siyichedwa, abale. Lero uli North Yorkshire, mawa Wiltshire, ana adzakula osadziwa kuti anakhalapo pakhomo pa Yorkshire Dales, komwe anthu amalipira ndalama zambiri kudzangoona.

Yambani ndi Richmond, pafupi pomwepa, mamailosi atatu. Basi ya X26 kapena X27 ikufikitsani pamsika. Loweruka kumakhala msika. Mpanda wa Richmond Castle anayamba kuumanga cha m'ma 1071, ndipo mukakwera nsanja yake mumaona mtsinje wa Swale ndi chigwa chonse. Masitepe ndi opanikiza, ngolo ya mwana isiyeni pansi. Kwa banja la msilikali malowa ali ndi nkhani: mu 1916 anatsekeramo amuna okana kumenya nkhondo chifukwa cha chikumbumtima chawo, ndipo 16 mwa iwo anawatengera ku France, kuwagamula kuti aphedwe, kenako chilango n'kuchisintha kukhala zaka 10 za ukaidi. Zolemba zawo za pensulo zikadali pamakoma. Muuzeni mwana nkhani imeneyo, mumve mafunso amene afunse bambo ake. Kuchoka apo tsikirani ku mathithi, tsatani mtsinje mpaka Easby Abbey, mtunda wa mailo imodzi, kulowa ulere. Nsapato zikhale za matope.

Za sitima, HM Forces Railcard imachotsa gawo limodzi mwa atatu a mtengo wa tikiti, ndipo mkazi kapena mwamuna wa msilikali amakhala ndi yake. Imatengedwa kudzera ku ofesi ya unit, ndiye bambo asakuuzeni kuti ndi ya iwo okha. Basi yomwe ija ikupita ku Darlington, ndipo kuchokera pamenepo York ndi theka la ola. National Railway Museum kulowa ndi ulere, mwana wokonda makina simumutulutsamo. Durham ndi pafupi kuposa apo. Defence Privilege Card, khadi lotsitsira mitengo kwa asilikali ndi mabanja awo, ndi £4.99 kwa zaka zisanu, ndipo paliponse polipira funsani ngati ali ndi mtengo wa asilikali, manyazi sagula kanthu. Chakudya nyamulani kunyumba, mpunga, nkhuku, tiyi m'fulasiki, chifukwa cha m'malo amenewa chimadula kuposa tikiti.

Amene muli ndi galimoto, Aysgarth Falls ndi Hawes, komwe amapanga tchizi cha Wensleydale. Misewu ya kumeneko ndi yopapatiza, mbali zonse mipanda ya miyala, nkhosa zili pakati pa msewu osakuopani. Opanda galimoto, onani kaye nthawi ya basi yomaliza musanatsike yoyamba, makamaka Lamlungu ndi nyengo yozizira, mabasi a m'midzi ndi owerengeka ndipo netiweki imasowa. Ku Whitby kuli masitepe 199 okwera ku abbey. Madzi ake musawayese a ku Salima, ngakhale mu Julayi amaluma mafupa, ndipo mbalame za kumeneko zimalanda chipisi m'manja. Tchuthi chikatalika, pitani ku Blantyre weniweniyo, pafupi ndi Glasgow, komwe David Livingstone anabadwira mu 1813. Kachipinda kamodzi m'nyumba ya ogwira ntchito kufakitale ya thonje, banja lonse mommo. Ana a ku Ndirande akajambulitse pa chikwangwani, agogo akaone.

Chenjezo la pafupi: tchire lozungulira kampu lino ndi malo ophunzirira nkhondo. Mbendera yofiira ikakwezedwa, kapena nyali zofiira usiku, musalowe, akuwombera zenizeni. Tsiku lopanda mbendera tsatani njira zololedwa, ndipo ana asatole kachitsulo kalikonse.

Za sukulu, musangotulutsa mwana pakati pa teremu chifukwa tikiti ya ku Lilongwe yatchipa. Chindapusa ndi £80 kholo lililonse pa mwana aliyense, mukachedwa masiku 21 chimafika £160. Ngati livi ya bambo yagwa pakati pa teremu chifukwa angobwera kumene kuchokera kunja, lembani kalata kwa ahedi pasadakhale, kalata ya ku unit ikhale pomwepo, mwina akumverani. Auzeninso kuti mwanayo ndi wa msilikali, sukulu imalandira ndalama yapadera yomuthandizira.

Ndipo amene mukulota Paris: viza ya UK si ya Schengen, yolowera ku France ndi maiko ambiri a ku Ulaya. Pasipoti ya Malawi ikufunika viza ina, ngakhale bambo atatenga kale ya British. Pobwera kuchokera kumudzi, usipa ndi matemba ouma amaloledwa mpaka makilogalamu 20 munthu mmodzi, koma nyama ndi za mkaka ayi, ngakhale zitaumitsidwa bwanji. Mangani m'mapepala apulasitiki awiri atatu, chifukwa fungo likalowa m'yunifolomu ya bambo, nkhani yake ikathera pa perete.

Amene muli ndi march out mwezi uno, yambani ndi uvuni lero, mashelefu anyikeni usiku wonse, ndipo udzu wa kuseri mutchetche mvula isanabwerenso. Tionana sabata ya mawa.