Makalata a Omvera: Mswachi Wochokera ku Lusaka

Takulandiraninso, omvera athu ku Chipata, Katete, Chadiza ndi konse kumene mawu athu akufika. Kalata yoyamba yachokera ku Kapata, m'tauni ya Chipata. Amayi awa alemba kuti:

"Mwana wanga wa ku Lusaka wanditumizira mswachi wa magetsi. Ukayatsa umanjenjemera ndi kulira ngati njuchi. Ndaubisa m'sutukesi chifukwa ndikuopa kuti ungandigwire magetsi m'kamwa. Zala zanga zimauma ndi nyamakazi, mswachi wamba umandipulumuka. Abambo akunyumba akuti mwanayu wataya ndalama. Ndithandizeni."

Amayi, utulutseni m'sutukesimo lero lomwe. Mswachi umenewo suyenda ndi magetsi a pakhoma mukamatsuka. Uli ndi kabatire kakang'ono kotsekeredwa mkati, madzi safikako, ndipo mphamvu yake ndi yochepa kwambiri. Mumautchaja monga foni, mukatero umagwira ntchito masiku angapo, choncho ngakhale magetsi atapita simusowa chotsukira.

Chimene chandikhudza m'kalata yanu ndi zalazo. Mwana wanu anaganiza bwino. Mswachi wa magetsi umathandiza kwambiri anthu onga inu, a nyamakazi, amene anadwala sitiroko dzanja n'kufooka, ndi agogo amene manja amanjenjemera. Chogwirira chake ndi chonenepa, sichipulumuka, ndipo kamutu kake kamazungulira kokha. Inu musamakweche. Ingoukhazikani pa dzino, pomwe dzino likumana ndi nkhama, muwerenge pang'ono, musunthire pa dzino lina. Miswachi yambiri ya magetsi imachita kaphokoso kena pakatha masekondi 30 kukuuzani kuti pitani mbali ina, mpaka mphindi 2 zikwane. Masiku oyamba muzimva kunyerenyesa, koma muzolowera.

Abambo akunyumba ali ndi mfundo imodzi yoona, tisawatsutse zonse. Kamutu kaja kamafunika kusintha pakatha miyezi 3, ndipo si sitolo iliyonse imene mungakapeze. Muuzeni mwanayo azitumiza timitu tingapo nthawi imodzi.

Kalata yachiwiri ndi ya abambo a ku Chadiza: "Ndikatsuka mano ndimalavula magazi. Ndimagula mswachi wouma kwambiri, nthawi zina ndimapaka makala osinja kuti mano ayere. Kodi ndigulitse mbuzi ndigule wa magetsi?"

Ayi abambo, mbuziyo isiyeni m'khola. Ndikunena izi ndi mtima wonse, chifukwa sindifuna womvera aliyense aziona ngati mano abwino ndi a anthu a ndalama okha. Ofufuza anapeza kuti mswachi wa magetsi umachotsa litsiro lomata m'mano kuposa wa manja pang'ono, koma wa manja wofewa, mukaugwiritsa bwino, umakwanira. Vuto lanu lili pa mswachi woumawo ndi makala. Zimenezi zimapala chikuto cholimba cha dzino, ndipo chikatha sichimeranso. Mudzayamba kumva tsemwe mukamwa madzi a mumtsuko m'mawa.

Magaziwo kawirikawiri amabwera chifukwa litsiro lakhalitsa m'mphepete mwa nkhama, nkhamazo n'kutupa. Ambiri akaona magazi amaleka kutsuka pamalopo, pomwe m'pamene pafunika kutsukidwa. Gulani mswachi wolembedwa kuti soft, kutanthauza wofewa, muugwire mopepuka ngati cholembera, muupendeketse kuloza kunkhama, muzizunguliza pang'onopang'ono. Kawiri pa tsiku, makamaka usiku musanagone, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, imene imalimbitsa mano kuti asawole. Mukatha lavulani basi, musachukuche ndi madzi, kuti mankhwalawo atsale pa mano. Pakatha milungu iwiri magazi akadali kutuluka, kapena dzino likugwedera, pitani kuchipatala mukaonane ndi a mano. Pali litsiro lina limene limauma ngati mwala, mswachi uliwonse sungalichotse, amachita kukokota ndi zida zawo.

Mtsikana wina wa ku Katete wafunsa ngati iye ndi ang'ono ake awiri, mmodzi wa zaka 4, angamabwerekane mswachi umodzi. Ayi mwanangu, aliyense akhale ndi wake, matenda amapatsirana pamenepo. Ndipo wamng'ono uja wa zaka 4 umuikire mankhwala ochepa ngati kanjere ka nandolo, uzimutsuka ndiwe kufikira dzanja lake litakhwima.

Amayi a ku Kapata, pakatha mwezi mutilemberenso, mutiuze mmene zala ndi mswachiwo zikumvanirana.