Mlamu, mverani voisi iyi musanapite kukadulidwa kanyama Lachiwiri

Halo mlamu, mwaswera bwanji kumeneko. Ndayesa kuimba kawiri koma netiweki ya kuno kwa Santhe mukuidziwa kale, nde ndangoti ndijambule mawu mumvera mukapeza mpata. Achimwene andiuza dzulo usiku kuti adokotala anena kuti Lachiwiri akadule kanyama pa chilonda chija cha pamwendo akakayeze ngati muli khansa, ndipo akuti chimvereni zimenezo simunadye nsima. Mlamu idyani. Ndayambira pamenepo dala. Ndipo Lachiwirilo m'mawa mumwe phala kapena tiyi ndi mbatata musananyamuke, iyi si opaleshoni yogoneka munthu tulo ayi, pokhapokha atakuuzani okha kuti musadye, koma ine sanandiletse.

Tsono choyamba... ayi dikirani, ndiyambe ndi zomwe anthu akukuuzani, chifukwa ndikudziwa ayamba kale. Zija amati khansa ikakhudzidwa ndi chitsulo imalusa, imathamanga thupi lonse. Inenso anandiuza zomwezo pa chitsime nthawi ija ya chotupa changa cha pamkono. Si zoona mlamu. Chimachitika n'chakuti munthu amakhala nacho chinthu zaka, akafika kuchipatala chafika kale patali, nde akamudula kanyama kenako n'kumwalira anthu amati wapha ndi mpeni, pomwe matenda anali atayenda kalekale. Malume anga aja a kwa Chulu mukuwakumbuka? Banga lakuda linayamba pansi pa phazi penipeni, iwo ankati ndinaponda chitsa kumunda. Anawauza kuti tidule kanyama tione, anakana, akuti thupi langa silipita ku Lilongwe m'botolo ine ndili moyo. Anapita kukatemera mphini, anamanga masamba, anathira phulusa, zonse anachita. Pomwe ankavomera n'kuti m'mphechepeche muli kale mwanabere wolimba ngati mwala. Adokotala anatiuza ife owadikirira kuti kwa anthu akhungu lakuda ngati ife khansa ya mtundu umenewo imakonda kuyamba kuphazi, m'chikhatho kapena pansi pa chikhadabo, malo oti munthu sayang'anako n'komwe. Ndimawalirabe malume aja, chifukwa kanyama kamene ankakaniza n'kochepa ngati njere ya mphodza.

Eya, ngati njere ya mphodza, ndikunena zoona. Mukalowa akugonekani pa kabedi, apukuta pamalopo ndi mankhwala, kenako jakisoni wa dzanzi. Ameneyo ndi amene amawawa, amaluma ngati mavu koma kanthawi kochepa, muwerenge mpaka 10 kapena 20 basi pachita dzanzi. Ndiye amatenga kachitsulo kozungulira ngati kukamwa kwa bolopeni, kamakhala mamilimita 3 kapena 4 chonchi, amakapotoza pakhungu n'kutulutsa kanyamako. Ena amadula ndi kampeni, zimatengera chilondacho. Mumva kuti akukugwirani, akukankha, koma kuwawa ayi. Mukamva kuwawa nenani awonjezere jakisoni, musalimbe mtima chamumtima ngati muli ku chikuta. Kenako asoka, ine anandisoka kawiri, n'kumata bandeji. Sitinathe ndi mphindi 20 zomwe.

Aa ndaiwala, asanayambe, asanabaye jakisoni uja, muwauze mankhwala onse amene mukumwa. Onse. A BP aja mumamwa aja, ngati mumamwa asipulini kapena aliwonse ochepetsa kuundana kwa magazi muwauze chifukwa amachititsa kuti magazi asaleke msanga, koma musasiye nokha kumwa, anene ndi iwo. Shuga ngati muli nayo nenani, bala la munthu wa shuga limachedwa kupola. Ngakhale za zitsamba, ngati mwamwa zina zake nenani, sakumenyani. Ndipo akati tiyezenso magazi musadabwe kapena kukhumudwa kuti akundiganizira chani. Pali khansa ina ya pakhungu amati Kaposi, yofala kuno kwathu, imabwera ndi mawanga akuda kapena ofiirira m'miyendo, mwendo kumatupa, ndipo kawirikawiri imayenda ndi HIV ngakhale imagwiranso ena oti alibe. Nde amafuna adziwe, chifukwa ikakhala imeneyo ma ARV amathandiza kwambiri, ena amawonjezera ndi kemo, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa aja. Sindikunena kuti muli nayo ayi mlamu, mundimvetse, ndikungoti akafunsa musathawe.

Za bala tsopano. Tsiku loyamba ndi lachiwiri lisanyowe. Musambe chopukuta, mwendo uli panja pa bafa. Likayamba kutuluka magazi kunyumba musathamange, tengani kansalu koyera, kochapa bwino, mukanikize pamwamba pa bandejiyo mphindi 10 mpaka 15 osasuzumira, mwendo mwaukweza pa mpando. Osasuzumira ndikunena, chifukwa anthu amakanikiza pang'ono n'kutsegula kuti aone, akatsegula ayambanso. Zikapanda kuleka ndiye kuchipatala. Dzanzi likatha madzulo pamanyerenyetsa, imwani panado, asipulini ayi. Ndipo kudimba musapite, inu ndi dimba lanu lija ndimakudziwani, matope a kudambo aja ndi bala la pamwendo sizigwirizana, ndiponso mwendo umachedwa kupola kusiyana ndi nkhope. Ulusi wa pamwendo amachotsa pakatha masiku 10 mpaka 14, wa kumaso ndi umene amachotsa msanga, 5 kapena 7. Akuuzani tsiku. Musachotse nokha ndi lezala ngati anachitira mnyamata wa a neba athu uja, anati ndalama ya kabaza ndilibe, bala linayasama n'kuchita mafinya, ndalama inapita yoposa ya kabazayo. Mukaona pafiira, patupa, pakutentha, pakutuluka mafinya kapena fungo, kaya thupi latentha, musadikire tsiku la ulusi, pitani ngakhale pa helofu senta yapafupi. Phulusa ayi, mankhwala otsukira mano ayi, madzi a batire ayi ndithu.

Iwe tseka chitseko nkhuku zikulowa... pepani mlamu ndi mdzukulu wanuyu. Ndimati chani paja. Eya.

Apa ndiye mumvetsere bwino, zina zonsezi ngakhale muiwale anamwino akukumbutsani koma apa ndi pamene ine ndinagwa. Musatuluke m'chipinda chija musanadziwe kuti zotsatira zikupezani bwanji. Ndibwereze, musatuluke. Kanyama kaja amakaika m'kabotolo ka mankhwala otchedwa fomalini kuti kasaole, amalembapo dzina lanu ndi nambala, n'kupita ku labu. Kuno kwathu nthawi zambiri ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 130 kuchoka pa boma pa Kasungu, labu yake anatsegula mu 2011, kale zinkapita mpaka ku Blantyre. Kumeneko sikuti amangokayang'ana ngati magazi a malungo ayi. Amakaumitsa mu phula longa la kandulo, n'kukacheka tizidutswa topyapyala kuposa pepala, n'kupaka utoto, kenako dokotala wake wa zimenezo ayang'ane pa maikulosikopu, ndipo madokotala amenewo ndi ochepa m'dziko muno, mabotolo akuchokera m'maboma ambiri. Nde zimatenga milungu. Kuchedwa sikutanthauza kuti apeza zoipa, ndiponso sikutanthauza kuti apeza zabwino, ndi mzere chabe.

Ine tsono anandifunsa nambala ya foni, ndinapereka ya bambo a kunyumba kuno chifukwa yanga inali yovuta batire. Anati tikuimbirani, komanso anandilembera m'buku tsiku lobwerera. Ine m'mutu munangotsala tikuimbirani. Patatha sabata imodzi foni ya bambo inagwera m'chitsime kudimba, anagula ina ndi layini yatsopano, ndipo palibe, palibe mwa ife awiri amene anaganiza kuti nambala ili kuchipatala ija yafa. Tsiku la m'buku linafika, ndinati sanaimbe ndiye kuti sizinabwere, ndiwonongerenji thiransipoti. Koma kunena zoona mlamu anali mantha. Ndinkaopa kukamva. Inali nthawi yosoka fodya, ndimakhala m'chigafa singano m'manja, foni yanga ndamanga pa mfundo ya chitenje, ikangolira mtima kuti phaa, pomwe nambala yanga sindinawapatse n'komwe. Usiku ndimadzuka 2 koloko kumagwira pa chipsera kuti kodi chakula, kumawerenga mitengo ya denga, kumaganiza kuti ana awa adzawalera ndani. Ndinaonda mpaka a Mvano anzanga anayamba kunong'onezana. Mbuzi ndinagulitsa imodzi kuti pakhale ya maliro, sindinamuuze aliyense. Milungu 11. Amene anandikoka ndi mwana wanga wamkazi uja, anatsegula buku n'kuti amayi tsiku ili linadutsa kalekale bwanji. Titapita anapeza pepala langa linabwera pa sabata yachinayi, anayesa kuimba foni osapezeka. Ndipo sinali khansa, chinali chotupa wamba. Ndinalira pa benchi pomwepo. Koma chimene chimandiopsa mpaka lero n'chakuti chikanakhala khansa, milungu 7 yonseyo ikanapita chabe matenda akukula ine ndili m'chigafa.

Nde inu muchite chonchi. Perekani manambala awiri, yanu ndi ya achimwene, kaya atatu ndi ya mwana wanu wa ku tauni uja, ndipo awerenge mokweza mumve kuti alemba bwino. M'buku lanu la kuchipatala muonetsetse kuti alemba tsiku limene adula, nambala ya pa fomu kapena pa botolo ngati ilipo, ndi tsiku lobwerera. Mufunse kuti ndikabwera ndifikire khomo liti, ndifunse ndani. Mujambule tsamba limenelo pa foni munditumizire pa WhatsApp, buku limanyowa, limasowa. Ndipo tsiku lobwerera likafika mupite, aimba kaya sanaimbe, mupite. Mukapeza sizinabwere mufunse tsiku lina alembenso m'buku. Foni ikasowa kapena mukasintha layini, kawauzeni. Mwamva eti? Aimba kaya sanaimbe.

Pa kudikirapo palibe mankhwala ake mlamu, sindikunamizani, mtima umakhala m'mwamba. Koma musabise ngati ine. Sankhani anthu awiri kapena atatu oti mukadzuka usiku mutha kuwauza, osati mudzi wonse chifukwa ena akabwera kudzakuonani amabwera ndi nkhani za amene anafa basi. Ine ndilipo, mundifulashe ngakhale pakati pa usiku ndiimba. Gwirani ntchito zopepuka, kusenda mtedza pa khonde, kupita ku kwaya, manja akamagwira kanthu mutu umapumako. Kupemphera pempherani ndithu, ine ndikupemphererani, koma wina akati taya buku wachira, ayi, pempherani buku lili m'chikwama. Ndi aja a pa Facebook ogulitsa mabotolo akuti amachiza khansa ya mtundu uliwonse, ndalama zanu sungani za thiransipoti. Ana asamakusakireni zithunzi pa intaneti, zimene zimatuluka kumeneko ndi zoopsa zokhazokha ndipo si chilonda chanu. Si chilonda chilichonse chosapola chimene chili khansa, zina ndi za shuga, zina ndi mitsempha ya magazi, zina ndi tizilombo, n'chifukwa chake akuyeza. Koma mukaona mukudikiramo chilonda chikukula msanga, chikutuluka magazi, kapena mwatuluka mwanabere, musati ndidikire zotsatira, bwererani akaone.

O, china, nthawi zina amati kanyama kanachepa kapena sikanaoneke bwino tidulenso. Zimachitika, musaganize kuti akubisirani kanthu.

Tsiku lokamva musapite nokha. Munthu ukamva liwu loti khansa makutu amatseka, zonse zimene adokotala anene pambuyo pake sumva, nde pakhale wina womvera ndi kulemba. Ngakhale zili zabwino pakhale wina. Mufunse, ndi chani chimene mwapeza, dzina lake mundilembere, ndipo kenako tichita chani, liti, kuti. Ikakhala khansa yapakhungu yopezeka msanga, zambiri amangochotsa malowo ndi opaleshoni, zina amatumiza ku Lilongwe ku chipatala cha khansa chija chili pa Kamuzu Central pomwepo, ndipo kalata yotumizira muigwire ngati ndalama. Koma tisafike kumeneko lero, lero ndi za Lachiwiri.

Ine ndibwera Lolemba madzulo ndigona konko, tinyamukire limodzi m'mamawa tikapeze mzere usanatalike. Muvale siketi yomasuka kapena chitenje basi, osati zothina pamwendo, ndi nsapato zosavuta kuvula. Buku, mankhwala anu onse m'kajumbo, bolopeni ndibweretsa ine. Muwauze achimwene apeze njinga yamoto yobwerera, pobwera musayende wapansi kuchoka pa siteji. Foni ikutha moto iyi, mundiyankhe mukamvera, ndipo mundiuze ngati mwadya.