Uchi wa kunsonga ya ndodo: msilikali akalakwa ali ndi chifukwa

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo. Mawu a m'mawa uno tiwerenge pa 1 Samueli 14:24-45.

Mfumu Sauli inalumbiritsa asilikali ake kuti wodya kanthu dzuwa lisanalowe akhale wotembereredwa. Yonatani, mwana wake, amene anayambitsa nkhondo ya tsikulo ali ndi mnyamata womunyamulira zida yekha, sanamve lumbirolo. Atafika m'nkhalango anapeza uchi ukuchucha, anatosa chisa ndi nsonga ya ndodo, n'kulawa, maso ake n'kuyera. Maere atamugwera sanakane, ndipo bambo ake anagamula kuti afe. Anamuwombola ndi asilikali anzake, amene anakaniratu kuti tsitsi lake ngakhale limodzi ligwe pansi.

Milandu yotere ikadalipo m'gulu lililonse la nkhondo. Msilikali wapatsidwa tchuthi cha masiku 7, mayi ake amwalira tchuthicho chikutha, iye n'kubwerera kukampu patapita masiku 10 osadziwitsa aliyense. Wina wagona pa ulonda atachezera usiku wachitatu motsatizana. Dalaivala watenga galimoto popanda chilolezo kuthamangira kuchipatala ndi mnzake wovulala. Onsewa aphwanya lamulo, ndipo tonse tikuwamvetsa. Nanga mkulu wawo atani?

Asafulumire kunena kuti palibe mlandu. Mlandu ulembedwe monga unachitikira: tsiku, ola, lamulo lomwe laphwanyidwa, ndi amene anaona. Wolakwayo auzidwe mlanduwo, apatsidwe nthawi yokonzekera, alankhule yekha ndi kuitana mboni zake. Pa gawo limeneli funso ndi limodzi, lakuti anachita kapena sanachite, ndipo chisoni chisasinthe yankho lake. Mkulu amene wang'amba pepala chifukwa chomvera munthu chisoni waphunzitsa gulu lonse kuti lamulo limadalira nkhope ndi kudziwa kudandaula. Mawa wina akajomba chifukwa cha mowa adzaloza mnzake uja, ndipo sajeni adzasowa chonena. Musaiwalenso amene anaima pa ulonda m'malo mwa wojombayo, osagona. Nayenso ali ndi makolo.

Komabe polemba mlandu pafunika kusamala dzina lake. Malamulo a asilikali m'mayiko ambiri amasiyanitsa kujomba popanda chilolezo ndi kuthawa usilikali. Kusiyanako kwagona pa cholinga: wothawa ndi amene sanafune kubwereranso, kapena wazemba dala ntchito yoopsa. Ndiye ofufuza amayang'ana ngati anabwerera yekha kapena anachita kugwidwa, ngati anasunga yunifolomu ndi chiphaso chake, ngati anayesapo kuimba foni. Munthu wochokera kumaliro amene wadzipereka yekha pachipata akalembedwa kuti wothawa, ndiye kuti waponderezedwa mlandu usanayambe n'komwe.

Chifukwa chimene munthu analakwira chimalowa bwalo likafika posankha chilango, ndipo apa m'pamene Sauli anaphonya. Kwa iye panalibe sitepe ina pakati pa "walakwa" ndi "ufa". Mkulu wa asilikali lero ali ndi makwerero ataliatali: chenjezo la pakamwa, chidzudzulo cholembedwa m'fayilo, ntchito zoonjezera, kuletsedwa kutuluka m'kampu, kudulidwa malipiro a masiku omwe anajomba, kutsitsidwa paudindo, kutsekeredwa, ndipo kumapeto kwenikweni khoti la asilikali ndi kuchotsedwa ntchito. Asanasankhe poponda amayeza zinthu zingapo. Kodi lamulolo linamufikadi munthuyu? Yonatani silinamufike. Kodi panali njira yololedwa imene akanatsata? Tchuthi cha maliro chimapemphedwa, ndipo ngati anapempha n'kukanizidwa popanda chifukwa, zimenezo zimachepetsa mlandu. Ngati sanayese n'komwe, ali ndi gawo lake. Kodi wina anavulala kapena kuikidwa pachiswe chifukwa cha iye? Kugona pa ulonda pa nthawi ya mtendere ndi kugona mdani ali pafupi si mlandu wolemera mofanana. Ndiye pamabwera mbiri yake ya pantchito: munthu amene watumikira zaka 12 wopanda banga sayezedwa ngati amene waonekera kachitatu m'miyezi 6.

Chifukwacho chitsimikizidwe, osati kungomvedwa. Kalata ya kuchipatala, chikalata cha imfa, buku la ulonda losonyeza amene anaima maola angati. Ena amati kufunsa mapepala munthu wofedwa ndi nkhanza. Ayi, mapepalawo ndi amene amamuteteza mawa anzake akayamba kunong'ona kuti anakonderedwa. Chigamulo nachonso chilembedwe pamodzi ndi zifukwa zochepetsera chilango, kuti mkulu wina wodzawerenga fayiloyo asadzaone dzina la mlandu lokha.

Pali funso lina limene akuluakulu ambiri amalizemba: kodi si ife tinabala mlanduwu? Werengani vesi 31 ndi 32. Asilikali atathamangitsa Afilisti kuchokera ku Mikimasi mpaka ku Ayaloni ali ndi njala, anagwera zofunkha, n'kupha nkhosa ndi ng'ombe pansi, n'kudya nyama ya magazi. Lumbiro losaganizira bwino linabala tchimo lalikulu kuposa la uchi, ndipo linagwera gulu lonse. Ulonda kawirikawiri umagawidwa kuti munthu aime maola 2 n'kupuma 4. Ngati buku likusonyeza kuti wogona uja anaimitsidwa usiku wonse katatu chifukwa chosowa womulandira, amene analemba ndandandayo nayenso afunsidwe. Kulanga wogona yekha, ndandanda n'kuisiya momwemo, ndiye kuti sabata ya mawa pagona wina, koma iyeyo anzake adzamubisa. Chilango chopyola muyeso sichithetsa kulakwa, chimathetsa kuulula.

Dziko linaphunzira izi mochedwa. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, gulu la nkhondo la Britain linapha mowombera asilikali 306 a ku Britain ndi a m'mayiko a mu ufumu wake pa milandu monga kuthawa ndi mantha. Ena mwa iwo anali atasokonekera maganizo ndi mabomba. Boma linawakhululukira mu 2006, onse ali m'manda kalekale. N'chifukwa chake msilikali amene khalidwe lake lasintha mwadzidzidzi atabwera kunkhondo ayenera kuonedwa ndi dokotala mlandu usanagamulidwe.

Amene muli ndi nthawi pitirizani mpaka 1 Samueli 30. Davide anali ndi amuna 600 pothamangitsa Aamaleki, koma 200 anatopa kotheratu n'kutsala pa mtsinje wa Besori. Pobwerera, ena mwa 400 aja anafuna kuti otsalawo angopatsidwa akazi ndi ana awo, azipita, zofunkha asalaweko. Davide anakana. Anawawerengera otsalawo ngati alonda a katundu, n'kugamula kuti gawo la wopita kunkhondo ndi la wosunga katundu likhale lofanana. Sanasiye nkhaniyo ngati chifundo cha tsiku limodzi chodalira mmene wadzukira. Anaisandutsa lamulo la Israeli, loti wotopa wa chaka china adzalipeze lilipo.