Wakanda: mbiri ndi malo a dziko la Black Panther

Moni nonse amene mukuonera. Lero tikamba za Wakanda, dziko la mu Africa limene anthu ambiri amadziwa dzina lake, mfumu yake ndiponso chuma chake, chonsecho silinakhalepo pansi pano. Ndi dziko lopeka la m'makomiki (mabuku a nthano za zithunzi) a kampani ya Marvel ya ku America, koma kwa zaka zoposa makumi asanu olemba osiyanasiyana akhala akulipatsa mapiri, mizinda, mafuko ndi nkhondo, moti lero lili ndi mbiri yoti munthu angathe kuilondola kuchokera pachiyambi.

Wakanda anaonekera koyamba m'chaka cha 1966, m'komiki yotchedwa Fantastic Four, nambala 52, imene anaikonza ndi Stan Lee ndi Jack Kirby. Chakachi n'chofunika kuchisunga m'mutu. Mayiko ambiri a mu Africa anali atangolandira kumene ufulu wodzilamulira, ndipo mu 1960 mokha mayiko 17 anachoka m'manja mwa atsamunda. Ku Congo, Patrice Lumumba, nduna yaikulu yoyamba ya dzikolo, anali ataphedwa mu Januwale 1961 pa nthawi ya chipwirikiti chimene chigawo cha migodi cha Katanga chinali pakati pake, ndipo ku Katanga komweko n'kumene kunali mgodi wa Shinkolobwe, umene unatulutsa yureniyamu yambiri imene America inagwiritsa ntchito popanga mabomba ake oyamba a atomiki. Panthawi imene owerenga a ku America anazolowera kuona Africa ngati malo a nkhalango ndi umphawi, komikiyi inawaonetsa T'Challa, wotchedwanso Black Panther, mfumu ya Wakanda yachikuda yanzeru zakuya, imene inatumiza ndege yapamwamba kwambiri ngati mphatso kwa a Fantastic Four, ngwazi zinayi za ku New York, n'kuwaitanira ku nkhalango yodzaza ndi makina m'malo mwa mitengo.

Nanga Wakanda ali kuti? Yankho lake limasintha malinga ndi amene akulemba. Buku la mapu lotchedwa Marvel Atlas linaika dzikoli kumpoto kwa nyanja ya Turkana, pafupi ndi pamene Kenya, Ethiopia, Uganda ndi South Sudan amayandikana. Pamene wolemba wa ku America Ta-Nehisi Coates anayamba kulemba nkhani za Black Panther mu 2016, mapu ake anaika dzikoli m'mphepete mwa nyanja ya Victoria, imene m'nkhanizo imatchedwa Nyanza, ndipo analizunguliza ndi mayiko ena opeka, omwe ndi Niganda, Azania, Canaan ndi Mohannda. Chimene olemba ambiri a masiku ano amagwirizana n'chakuti dzikoli lili kum'mawa kwa Africa, pafupi ndi ikweta, ndipo lili kutali ndi nyanja yamchere. Ine ndimaona kuti mfundo yomalizayi ndi yaikulu kuposa dzina la nyanja iliyonse, chifukwa ogula akapolo ndi atsamunda ankalowa mu Africa kudzera m'madoko, ndipo dziko lopanda doko, lotchingidwa ndi mapiri, likanatha kukhala zaka zambiri osadziwika bwino ndi anthu akunja.

Pakatikati pa mbiri yonse pali malo amodzi, Chitunda Chachikulu, chimene m'chinenero cha dzikolo chimatchedwa Mena Ngai. Nthano yake imati kalekale, zaka zikwizikwi zapitazo, chimwala chachikulu chinagwa kuchokera mumlengalenga, ndipo m'kati mwake munali chitsulo chotchedwa vibranium. Chitsulochi chimameza phokoso ndi kugwedezeka kulikonse, moti chipolopolo chikachimenya chimatha mphamvu n'kugwa pansi, ndipo n'chifukwa chake chimapezekanso m'chishango cha Captain America, ngwazi ina ya m'makomiki a Marvel. Poyamba chimwalachi sichinabweretse mwayi ayi, pakuti mphamvu yake inasandutsa ena mwa anthu amene anachiyandikira kukhala zilombo zoopsa. Msilikali wina dzina lake Bashenga anagonjetsa zilombozo, n'kutseka chitundacho, ndipo anakhazikitsa chipembedzo cha Bast, mulungu wooneka ngati nyalugwe wakuda, kuti chiziteteza malowo. Kuchokera pamenepo Black Panther si dzina la munthu mmodzi, koma ndi udindo wa mfumu, yomwenso ndi mkulu wa chipembedzo ndi mtsogoleri wa nkhondo. Woyenera udindowu amadya chitsamba chooneka ngati mtima, chimene chimamera ku Wakanda kokha, ndipo chimamupatsa mphamvu, liwiro ndi kumva kwakuthwa.

Malo ena a dzikoli tingawadutse mwachidule. Likulu lake ndi Birnin Zana, Mzinda wa Golide, ndipo mizinda ina yaikulu inatchedwa mayina a mafumu akale, monga Birnin Bashenga ndi Birnin T'Chaka. Palinso Necropolis, mzinda wa akufa, kumene mafumu amaikidwa. Kumapiri ozizira kumakhala a Jabari, amene amapembedza gorila woyera ndipo amadana ndi moyo wodalira makina. Mtsogoleri wawo M'Baku anaonekera koyamba mu 1969 ngati mdani wofuna kulanda mpando wachifumu.

Koma malo amene ndikufuna kuti tikhalepo pang'ono ndi chigwa cha Alkama, minda yachonde imene imadyetsa dziko lonse. M'nkhani za Coates, anthu a ku Niganda, dziko losauka loyandikana ndi Wakanda, amakhulupirira kuti minda imeneyi inali yawo, ndipo kuti a Wakanda anawalanda kalekale. Kwa iwo, chimene chinakweza Wakanda si chimwala chogwa kumwamba, koma nthaka imene anabedwa. Ndi mfundo imodzi yokhayi, dziko limene limadzitama kuti silinaponderezedwepo likupezeka kuti nalonso lili ndi mnansi amene amalitcha wopondereza, ndipo munthu aliyense amene anamvapo mlandu wa malire a munda pabwalo la mfumu amadziwa kuti nkhani zotere sizitha ndi mbadwo umodzi.

Mbiri ya masiku ano ya dzikoli imayamba ndi imfa. Mfumu T'Chaka, bambo ake a T'Challa, anaphedwa ndi Ulysses Klaw, mzungu amene anabwera ndi gulu lankhondo kudzafuna vibranium. T'Challa, akadali mnyamata, analanda chida cha Klaw chogwiritsa ntchito phokoso n'kumuphwanya nacho dzanja. Atakula, anagulitsa chitsulocho pang'onopang'ono, nakaphunzira kunja, kenaka anabwerera kudzatukula dziko lake. Taonani kusiyana kwake ndi zimene zinachitika m'mayiko enieni a migodi: kuno mwini nthaka ndi amene amasankha wogula, kuchuluka kwake ndiponso mtengo. Komabe akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo kuyambira tsiku limene chitsulocho chinadziwika kunja, Wakanda sanapumepo.

Amene anasandutsa Wakanda kukhala dziko lenileni la anthu ndi Don McGregor, m'nkhani yaitali yotchedwa Panther's Rage, imene inatuluka kuyambira 1973 mpaka 1975 m'komiki ya Jungle Action, ndipo zithunzi zambiri anajambula ndi Billy Graham, wojambula wachikuda. Pafupifupi anthu onse a m'nkhaniyo anali akuda, zimene zinali zachilendo m'makomiki a nthawi imeneyo, ndipo owerenga anapatsidwa mapu a dzikolo kuti azitha kutsatira maulendo a mfumu. T'Challa akubwerera kuchokera ku America, kumene anakhalitsa ndi gulu la ngwazi lotchedwa Avengers, n'kupeza midzi ikuyaka ndipo anthu ake akumufunsa kuti anali kuti pamene iwo ankavutika. Mtsogoleri wa oukirawo ndi Erik Killmonger, mbadwa ya Wakanda imene inakulira ku Harlem, dera la mumzinda wa New York, banja lake litathamangitsidwa, ndipo ndi iye amene anaponya mfumu pa mathithi otchedwa Warrior Falls.

Olemba otsatira anawonjezera zawo. Christopher Priest, kuyambira 1998, anabweretsa a Dora Milaje, asilikali aakazi olondera mfumu, amene poyamba ankasankhidwa kuchokera ku mafuko opikisana ngati odzakwatiwa ndi mfumu, kuti fuko lililonse lizikhala ndi chiyembekezo ndipo lisayambitse nkhondo. Anabweretsanso a Hatut Zeraze, apolisi achinsinsi ozunza anthu m'dzina la chitetezo cha dziko. Reginald Hudlin, mu 2005, anatsindika kuti Wakanda sanagonjetsedwepo ndi aliyense, kaya mafuko oyandikana nawo kapena azungu, ndipo ndi iye amene anayambitsa Shuri, mlongo wake wa T'Challa, amene pambuyo pake anadzakhala Black Panther ndi mfumukazi. M'nkhani zake muli mfundo yopweteka yakuti a Wakanda ali ndi mankhwala a khansa koma amakana kugawira dziko lapansi. Apa m'pamene ine ndimalephera kuwaikira kumbuyo. Kutseka malire kunawapulumutsa pamene mayiko a ku Ulaya ankagawana Africa pa msonkhano wa ku Berlin wa 1884 ndi 1885, koma dziko lamphamvu chotere limene linangoonerera abale ake akugulitsidwa ndi kulandidwa nthaka lili ndi mlandu woti liyankhe. Ethiopia, dziko lenileni limene linagonjetsa Italy pa nkhondo ya Adwa mu 1896, linapereka chilimbikitso kwa anthu akuda kulikonse chifukwa chakuti kupambana kwake kunamveka. Kupambana kwa Wakanda kunali kobisika, ndipo sikunathandize wina aliyense kunja kwa mapiri ake.

Zaka zotsatira zinakhala zowawa kwa dzikoli. Mu 2010 Doctor Doom, wolamulira dziko lina lopeka la Latveria, anaba vibranium, ndipo T'Challa anasankha kuchichotsa mphamvu chitsulocho m'malo mochisiya m'manja mwa mdani. Mu 2012 Namor, mfumu ya Atlantis, ufumu wa pansi pa nyanja, anamiza likulu ndi chigumula, ndipo chaka chotsatira asilikali a Thanos, mdani wochokera mumlengalenga, anaukira dzikolo. Choncho pamene Coates ndi wojambula Brian Stelfreeze anayamba nkhani yawo mu 2016, anapeza mtundu wotopa umene sunkakhulupiriranso mfumu yake. Nkhaniyo imatseguka ndi ogwira ntchito m'migodi ya pa Chitunda Chachikulu akuukira T'Challa, pamene Ayo ndi Aneka, awiri mwa a Dora Milaje, akuthawa kuti akateteze amayi ozunzidwa ndi mafumu a m'midzi, mpaka kulanda dera la a Jabari. Mfuwu wawo unali wakuti munthu mmodzi asakhalenso ndi mphamvu zochuluka chotere. Nkhondoyo itatha, T'Challa anavomera kuti palembedwe malamulo oyendetsera dziko ndiponso kuti boma lizisankhidwa ndi anthu, ndipo iye anakhalabe pampando ngati mfumu yoimira umodzi wa mtundu, koma yopandanso mphamvu zolamula chilichonse payokha.