Makalata a Omvera: Mbiri Yowawa ya Mpingo wa a Mormon

Takulandiraninso omvera. Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre. Iwo akuti:

"Mwana wanga wachisamba anabatizidwa mu Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a m'Masiku Otsiriza, uja timangoti wa a Mormon. Anasiya mowa, ngakhale tiyi sakumwa, ndipo ndikuthokoza Mulungu. Koma malume ake akuti mpingowu unkasala anthu akuda. Mnyamatayu akuti amenewo ndi mabodza a adani. Awiriwa sakuyankhulana. Zoona ndi ziti?"

Mayi, malume akewo sananame. M'chaka cha 1852, Brigham Young, yemwe anatsogolera mpingowu woyambitsa wake Joseph Smith ataphedwa, analengeza ku Utah m'dziko la America kuti mwamuna wakuda wa mtundu wa ku Africa asalandire unsembe. Mumvetse kuti mumpingo umenewu unsembe si wa anthu ochepa ayi. Mwamuna aliyense wa makhalidwe oyenera amaulandira kuyambira ali mnyamata. Ndiye bambo wakuda sankaloledwa kubatiza mwana wake wobereka yekha, kapena kudalitsa mkate wa mgonero, pamene kamnyamata kachizungu kankayenda ndi mbale ya mgonerowo pamaso pake. Amuna ndi akazi akuda omwe sankaloledwa kumangitsa ukwati m'kachisi, kumene iwo amakhulupirira kuti banja limamangidwa kwamuyaya. Zimenezi zinakhala choncho zaka 126.

Zifukwa zimene atsogoleri ankaphunzitsa ndi zolasa mtima. Ena ankati khungu lakuda ndi temberero la Kaini. Ena ankati mizimu ya anthu akuda inali yofooka kumwamba isanabadwe. Chonsecho mu 1836, Joseph Smith ali moyo, munthu wakuda dzina lake Elijah Abel anadzozedwa kukhala mkulu, womwe ndi udindo wa unsembe. Choncho lamuloli silinayambe ndi mpingo, linadza pambuyo.

Ine amene amandigwira mtima ndi abale athu a ku Ghana ndi Nigeria. Joseph William Billy Johnson ndi Anthony Obinna anawerenga za mpingowu, nakhulupirira, nasonkhanitsa anthu mazanamazana. Kwa zaka zambiri ankalemba makalata ku likulu la mpingowu ku Salt Lake City kupempha ubatizo, akuuzidwa kuti adikire. Khomo linatseguka mu June 1978, pamene mtsogoleri wa mpingowu pa nthawiyo, Spencer W. Kimball, analengeza kuti walandira vumbulutso lochotsa lamulolo.

Mu December 2013 mpingo unatulutsa nkhani pa webusayiti yake yokana ziphunzitso zija za temberero, ndi kudzudzula tsankho lonse, lakale ndi lamakono. Anachita bwino. Koma kupepesa poyera mpingowu sunapepese, ndipo kwa ine ngongole imeneyo idakalipo.

Mayi, musamukakamize mwana wanu kutuluka, komanso musamulole kutcha choonadi bodza. Muitaneni pamodzi ndi malume ake, akhale pamphasa imodzi, atsegule nkhaniyo pa foni. Ndi mpingo wake womwe unalemba. Akatha kuwerenga, kukhala kapena kuchoka asankhe yekha, maso ali poyera.

Kalata yachiwiri ndi yaifupi, yochokera kwa bambo wina wa ku Area 25 ku Lilongwe: "Ine ndine membala. Mitala inatha mu 1890. Bwanji anthu amangotikumbira zakale?"

Achimwene, zoona, mtsogoleri wa mpingowu pa nthawiyo, Wilford Woodruff, analetsa mitala mu 1890, ngakhale maukwati ena anapitirira mobisa mpaka chiletso chachiwiri cha 1904, ndipo lero membala wokwatira mitala amachotsedwa. Amene amakunenani kuti muli ndi akazi asanu akulakwa. Koma anthu amafunsabe chifukwa nkhaniyi ikukhudza mneneri mwini wake. Mu 2014 mpingo unavomereza kuti Joseph Smith anamanga ukwati ndi akazi pakati pa 30 ndi 40. Ena anali kale ndi amuna awo, ndipo wamng'ono pa onse, Helen Mar Kimball, anali ndi zaka 14. Kholo lililonse lomwe lili ndi mwana wamkazi wa sitandade 8 likamva zimenezi limadzidzimuka, ndipo silikulakwa. Munthu wotere akakufunsani, muyankheni zonse, zaka za mtsikanayo zomwe.

Nthawi yatithera. Kalata ya ku Mzuzu yofunsa za mipukutu ya ku Egypt imene Joseph Smith anagula mu 1835 tidzaiwerenga sabata yamawa.