Chotsa zithunzi za nyumba ya Amayi pa mapu lero lomwe

Halo Amayi, mwaswera bwanji kumeneko? Ndine ndemwe. Pepani ndikulankhula motsitsa mawu, mwana wa abwana wangogona kumene ndiye ndathawira kukhitchini kuno. Uthengawu ndautumiza dala pa foni ya mlongo wangayo kuti mumvere limodzi, ndipo iwe usamadumphe, umvere mpaka kumapeto, bandulo ndikugulira ine.

Choyamba Amayi mtima m'malo. Palibe kamera imene ikukuonani mukamapita kubafa ayi. Zija anakuuzani anzanu a kumvano, zoti Google imaona munthu nthawi yomweyo ngati mpira wa pa TV, si zoona. Ndi zithunzi basi, zojambula tsiku limodzi n'kuziyika pa intaneti, zimatha kukhala pamenepo zaka. Ndiye musasiye kusamba masana chifukwa cha zimenezo, ndamva kuti sabata yonse ino mwakhala mukusamba usiku ndi tochi, kuzizira kwa ku Chilomoni kuja mpaka mudwala chibayo.

Chimene chimachitika n'chakuti kuno ku Joni kumayenda magalimoto a Google onyamula kamera padenga, chinthu chobulungira chokhala pamwamba pa chitsulo, chimajambula mbali zonse galimoto ikuyenda. Amati Street View. Anayamba mu 2007 ku America, kuno ku South Africa anatsegula mu 2010 World Cup itatsala pang'ono kuyamba. Ndi mmene mlongo wangayu anakuonetserani geti la kumene ndimakhala ku Rosettenville kuja. Ndipo inde Amayi, munthu wayima pagetiyo ndine. Nkhope kompyuta imaiphimba yokha, pamodzi ndi manambala a magalimoto, koma inu simunachedwe kundizindikira eti, chifukwa cha chitenje chobiriwira chija munandipatsa pa Wenela tsiku ndimakwera basi. Ine nditachiona thupi linachita tsembwe, sindinadziwe n'komwe kuti tsiku limenelo kunadutsa galimoto, ndinali nditangotuluka kukataya zinyalala ndi duku kumutu. Ndiye taonani, nkhope atha kubisa koma wokudziwa amakudziwabe.

Tsopano iwe mlongo wanga, zithunzi za nyumba ya kwathuko sanajambule a Google ayi, usawanamize Amayi. Unajambula ndiwe n'kuyika wekha. Ndikudziwa umafuna zabwino, kuti bizinesi ya nkhuku izioneka pa Google Maps makasitomala asamavutike kufunsa njira, maganizo amenewo sindikuwatsutsa. Koma unaziyang'ana bwinobwino zithunzizo usanaziponye? Ine ndakhala nazo usiku wonse tulo osabwera. Geti lili pululu, loko akuoneka kuti ndi kaja kakang'ono ka pamsika. Masola awiri ali padenga poyera, pawindo la pabalaza batire ndi invata zikuoneka, zinthu zimene ndinavutikira miyezi isanu ndi itatu ndikudya buledi ndi tiyi. Njinga yamoto ya kabaza ili pakhonde nambala yake ikuwerengeka yonse. Ngakhale galu akuoneka kuti amakhala womangidwa kuseri kwa khola. Kenako pa nthawi zotsegula walemba kuti Lamulungu timatseka. Wawauza wekha akuba kuti Lamulungu m'mawa nonse mumakhala kutchalitchi, angobwera ndi wilibala basi.

Koma chimene chandiwawa kwambiri ndi ana a achemwali. Ali mu yunifolomu, baji ya sukulu ikuoneka, nkhope zili poyera chifukwa zithunzi zako palibe waziphimba ngati zija za galimoto. Ndiye munthu wosamudziwa wadziwa nyumba, wadziwa sukulu, nambala ya Mpamba ya Amayi nayo ili pomwepo. Anthu oimba mafoni abodza aja amangofuna zimenezo. Mawa aimba kuti mwana wanu wa ku Joni wachita ngozi tumizani ndalama msanga, n'kutchula geti lobiriwira ndi mtengo wa mango uja, Amayi akhulupirira. Amayi mukumva? Aliyense akaimba za ine, dulani foni mundiimbire nokha kaye, ngakhale alire bwanji.

Eya, ndisanaiwale, za chinkhoswe cha msuweni zija ndi zoona kuti achisunthanso? Kachitatu katsopano. Ine ndinagula kale nsalu ku Small Street, ili m'chikwama ikungodikira. Ndipo mwezi uno abwana andiwonjezera kangachepe, akuti mwana wawo wayamba kudya bwino chibwerereni ine, ndiye Lachisanu muyembekezere pa Mukuru, ina mugule chakudya cha nkhuku ina ikhale ya loko wamkulu, wachitsulo cholimba, osati zoseweretsa zija. Kuno kukuzizira koopsa, ndikungolakalaka mbatata yootcha ndi nkhwani wotendera, ndikatseka maso ndikuona chiperoni chitakuta phiri la Michiru.

Ndimanena chani kodi? Eya, kuchotsa. Tamvera bwino iwe. Ulowe mu Google Maps ndi imelo yomwe ija unagwiritsa ntchito poyika, osati ina, ukalowa ndi ina sizitheka. Udine kachithunzi kako pamwamba kudzanja lamanja, upite pa pulofayilo yako, zithunzi zonse unaponya uzipeza mmenemo. Chilichonse chili ndi timadontho titatu, ukadina pamenepo pabwera Delete. Uchotse zonse za geti, za denga, za ana, za njinga. Za nkhuku zokhazokha usiye, zojambula pafupi zija. Adiresi ya nyumba uibise mu Business Profile, tsamba la bizinesi yako pa Google lija, amalola kwa anthu amene amakaperekera katundu kwa kasitomala, ndipo nambala uyike yako. Wofuna nkhuku aziimba muzikumana pamsika, si mpaka afike pakhonde pa Amayi. Nthawi zina zimatenga kanthawi kuti zizimiririke ndiye usathamangire kunena kuti zakanika, uyang'anenso mawa pa foni ya munthu wina.

Chija chojambula kuchokera kumwamba, chooneka malata okhaokha ngati mabokosi a machesi, chisiye, n'cha setilaiti, Blantyre yense alimo kuyambira Ndirande mpaka Bangwe, sichionetsa loko wa munthu.

Koma ukadzapeza chithunzi chathu choyika munthu wina, kapena cha mumsewu ngati changa chija, pamakhala mawu akuti Report a problem, pa kompyuta ali pansi kudzanja lamanja, pa foni ali pa timadontho tija. Pa Street View umasankha kuti aphimbe nkhope, galimoto kapena nyumba yonse. Kungoti akaphimba nyumba aphimbiratu, sabweza ayi. Bambo wina mumsewu wathu uno anachita zimenezo, pano akufuna kugulitsa nyumba, ogula akayang'ana pa mapu akungoona chifunga. Ine changa ndapempha kuti aphimbe thupi langa lokha, nyumba si yanga, ndi ya landilodi.

Ndipo usandinene kuti asisi achita mantha achimidzi. Ku Germany mu 2010 mabanja oposa 240,000 anauza Google kuti nyumba zathu zisaoneke, anthu okhala ndi mipanda yabwino ndi apolisi obwera msanga. Chaka chomwecho Google inavomera yokha kuti magalimoto ake ankatolanso zinthu zodutsa pa Wi-Fi za anthu zopanda pasiwedi. Ndiye ife a mpanda wa njerwa zosapaka, magetsi akazima mdima wa ndiweyani, tizichita kuitanira? Kwathu nakonso lamulo loteteza zachinsinsi za anthu lilipo tsopano, la 2024, amayang'anira ndi a MACRA. Ndikunena izi chifukwa pa chithunzi chachitatu chija, kumbuyo kwa khola, mayi a paneba akuoneka akuchapa atangomanga chitenje pachifuwa. Unawapempha? Amuna awo ukuwadziwa mmene alili. Chimenecho uyambire kuchotsa, kenako upite ukapepese wekha asanamve kwa ena, Amayi akhala nawo bwino anthu amenewo zaka zonsezi.

Za pa Facebook nazo chimodzimodzi, ndaona unaponyanso zomwezo pa gulu la malonda lija. Zichoke. Amene anasunga kale mu foni mwake sitingamuletse, n'chifukwa chake ndikulimbikira za loko, ndipo galu muzimumasula usiku. Lamulungu likubwerali mmodzi atsale pakhomo, muzisinthana, wina wa m'mawa wina wa masana, kwa mwezi umodzi kaye.

Mwana uja wadzuka, ndikumumva. Iwe, chinthu chimodzi chokha. Usanachotse chithunzi cha pakhonde chija, chooneka mpando wa malemu Bambo pakona pomwe ankakhala, unditumizire kaye pa WhatsApp, ine ndilibe chilichonse cha mpando umenewo. Ukamaliza zonse undijambulire sikirini ndione ndekha. Amayi, mupereke moni kwa achemwali ndi ana, ndikuimbirani Loweruka ndikaweruka.