Mukupita ndi Ana ku Gold Reef City Koyamba? Disembala Ayi, Mverani Kaye

Takulandirani nonse, a ku Dedza, a ku Ntcheu, a pa Lizulu, ndi inu amene mukutionera muli ku Joni komweko. Lero tikamba za ulendo woyamba wa banja lonse ku Gold Reef City, paki yaikulu yamasewera ya ku Johannesburg. Pali bodza lina limene likudya ndalama za anthu chaka ndi chaka, ndalisunga pa nambala 3, musachoke. Dinani kaye subscribe ndi kabelu kaja, tiyambepo.

Nambala 1, mapepala. Apa ndithamanga. Aliyense akhale ndi pasipoti yakeyake, ngakhale mwana wakumsana. Mmalawi salowera viza ku South Africa ngati akukakhala masiku osapitirira 30, koma mukapyoza tsiku limene akudindirani, amakuletsani kulowanso, chaka chimodzi kapena mpaka zisanu. Tengani ziphaso zobadwira za ana, ndipo ngati bambo kapena mayi akutsala, alembe kalata yovomereza. Ma rand yambani kufunsa ku banki msanga, nonse mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira.

Nambala 2, mayendedwe. Ndege mukwerera ku Kamuzu International Airport, mutera pa OR Tambo. Basi ndiye imadutsa pakhomo pathu pompano: chipata cha Dedza, Calomue, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, mpaka Park Station. Mugona m'njira. Tsiku lofikalo musapite ku paki, ana agone kaye.

Tsopano nambala 3. Khalani bwino pampandopo.

Anthu amati nthawi yabwino yotengera ana ku paki ndi Disembala, ati chifukwa ndi Khirisimasi, ndiye kumakoma. Ndaziwerenga m'makomenti, ndazimva mu minibasi ya ku Tsangano. Abale anga, ayi! Ndi bodza limenelo.

Taganizani. Mu Disembala sukulu zonse za ku South Africa zili pa tchuthi chachikulu, chimene chimafika mpaka pakati pa Januwale. Makampani ambiri atseka, antchito alandira bonasi. Banja lililonse la ku Soweto, la ku Pretoria, la ku Tembisa laganiza zimene mwaganiza inuzo. Ndiye mwalipira tikiti yodula, mwawoloka mayiko awiri, kuti mwana wanu akathere tsiku pamzere, dzuwa likumuswa mutu, akwere zinthu zitatu basi, paki yatseka. Mizere yake ngati ya feteleza wa makuponi. Mukadafuna zimenezo si bwenzi mutangotsala konkuno?

Sindinathe. Disembala ku Johannesburg ndi nyengo ya mvula, ndipo mvula ya kumeneko imakonda masana, ya ziphaliwali, nthawi zina ya matalala. Mphenzi zikayamba, zokwera zazitalizitali amaziimitsa. Mwadikira nthawi yonseyo, mwatsala pang'ono kufika kutsogolo, akuti pepani. Mwana akulira, mayi akuyang'ana bambo, bambo akuyang'ana kumwamba.

Nanga Beitbridge? Nthawi imeneyo ndi imene anthu a ku Zimbabwe, a ku Zambia ndi athu omwe amakhamukira kwawo, ndipo kumayambiriro kwa Januwale onse amabwerera ku ntchito. Mitengo ya basi imakwera, chipata chimadzaza. Ndi ana aang'ono m'manja, si zocheza. Komanso tinene zoona, ife ndife alimi. Disembala chimanga chikufuna kupalira, chikufuna feteleza wachiwiri, Januwale fizi ikudikira. Mukapita kukazungulira pa makatungwe, munda musiyira ndani?

Mwezi wake ndi Ogasiti. Mvetserani chifukwa chake, apa ndiye pagona nkhani. Chaka cha sukulu kwathu kuno chimatha mu Julayi n'kuyambanso mu Seputembala. Ku South Africa tchuthi chawo cha nyengo yozizira chimatha mu Julayi momwemo. Ndiye mu Ogasiti ana athu ali panyumba, ana awo ali m'kalasi. Mwaiona? Mvula kulibe, soya ndi kachewere mwagulitsa, m'thumba muli kanthu. Mungopewa pa 9 Ogasiti, limene ndi tsiku la amayi kumeneko ndipo anthu sagwira ntchito, komanso Loweruka ndi Lamlungu ngati mungathe. Sukulu zawo zikakhala zotsegula paki satsegula masiku onse, makamaka kumayambiriro kwa sabata, choncho onani kalendala pa tsamba lawo la intaneti, matikiti mugule pomwepo musananyamuke.

Wina alemba kale pansipo kuti koma Ogasiti ku Joni kumazizira. Inu achimwene, ndinu a ku Dedza, mukuopa chisanu? Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, mmawa kumaluma, masana kumakhala dzuwa. Majuzi amene mumavala mu Juni omwewo akwana. Ndipo amene mumapita ku Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa mweziwo, nyamukani koyambirira, mubwerako nthawi ilipo.

Vidiyo ya ulendo wa pa basi kudzera ku Tete ikubwera sabata ya mawa. Tumizani iyi ku gulu la WhatsApp la kubanja, makamaka kwa alamu aja amene amangoti Disembala, Disembala.

Nambala 4. Pa zokwera zikuluzikulu safunsa zaka, amayeza kutalika. Malire odziwika kwambiri ndi mita 1.3. Muyezeni mwana pakhoma ndi tepi ya atelala musanagule tikiti. Musamulonjeze Anaconda, ija mumakhala miyendo ili lende m'malere, pamene safika. Tower of Terror imakugwetsani pafupifupi mamita 50, mbali ina kulowa m'dzenje la mgodi. Amene muli ndi BP, gwirani zikwama za anzanu, palibe manyazi. Mukangolowa yambirani zikuluzikuluzo mizere isanatalike, za madzi ngati Raging River Rapids muzisiyire masana, ndipo tengani zovala zosinthira.

Nambala 5: lembani nambala ya foni pa dzanja la mwana, mugwirizane pokumana mukasowana. Masoketi awo ndi a mabowo ozungulira, gulani adaputa.

Nambala 6, iyi ndimaikonda. Pakiyi anaimanga pa mgodi weniweni wa golide, Shaft 14 ya Crown Mines, umene unatsekedwa mu 1971. Amakutsitsani pansi ndi chipewa cha m'migodi, mumaoneranso akuthira golide wosungunula. Midzi yambiri ya ku Ntcheu ndi Dedza ili ndi agogo amene anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, mpaka Kamuzu anaimitsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu ambiri. Ana afunse agogo awo asananyamuke, akatsike pansipo akudziwa nkhani. Apartheid Museum, imene inatsegulidwa mu 2001, ili pafupi pomwepo, koma imeneyo ndi ya ana okulirapo, ndipo muipatse tsiku lakelake.

Amene munapitako mu Disembala, lembani pansipa kuti munakwera zingati, tiwerengere limodzi. Like musaiwale. Tionana sabata ya mawa.